Mphamvu Ikamabwerera ku Transimita: Kuthetsa Vuto la SWR pa Eriyo ndi Chingwe Chake

Chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa mu Novembala, madandaulo amakhala amodzimodzi kum'mawa kwa Zambia, kuyambira ku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lundazi. Nyale yofiira ya SWR (muyeso wa mphamvu yobwerera ku transimita m'malo mouluka pa eriyo) yayaka, transimita yatsitsa yokha mphamvu, omvera akumidzi akuimba foni kuti wailesi ikumveka ndi phokoso. Ku Mfuwe nakonso, mawailesi olankhulirana a VHF a m'magalimoto ndi m'makampu amene ankafika kutali amayamba kuthera panjira. Zikatero anthu ambiri amathamangira zinthu ziwiri: kutsegula transimita, kapena kukwera pamlongoti kukadula eriyo. Koma kawirikawiri wolakwa si awiriwa. Ndi chingwe chimene chili pakati pawo, makamaka malo amene chalumikizidwa.

## Chimene chikuchitika m'chingwemo

Transimita, chingwe cha coax (waya wapakati wozunguliridwa ndi ukonde wa mkuwa) ndi eriyo zinapangidwa kuti zigwirizane pa impedance imodzi, ndiko kuti momwe chinthu chimakanira mphamvu ya wailesi yodutsamo, ma ohm 50. Zikagwirizana, mphamvu yonse yofika pamwamba imauluka. Pakapezeka malo amene impedance yasintha, kaya ndi pa konekita yonyowa, pamene chingwe chafinyika, kapena pa eriyo ya utali wolakwika, gawo lina la mphamvuyo limatembenuka n'kutsikira kumene lachokera. Zili ngati paipi ya pampu yakudimba imene mwailumikiza ndi ina yopyapyala: madzi ena amadutsa, ena amakankha chobwerera, ndipo amene amavutika ndi pampuyo. Mphamvu yobwererayi imakweza voteji ndi kutentha pa matransista omaliza. N'chifukwa chake matransimita amakono amatsitsa okha mphamvu kapena kuzima SWR ikakwera. Akudziteteza, sanafe ayi.

Manambala oyenera kuwasunga pamtima ndi awa:

- SWR 1.2:1, mphamvu yobwerera ndi yosakwana 1 peresenti
- SWR 1.5:1, ndi 4 peresenti
- SWR 2:1, ndi pafupifupi 11 peresenti
- SWR 3:1, ndi 25 peresenti

Ngati mita yanu imangoonetsa mawati opita ndi obwerera, gawani obwererawo ndi opitawo. Transimita yotumiza mawati 300 n'kubwereredwa mawati 12 ili pa 4 peresenti, ndiye kuti SWR ndi 1.5:1. Pa wailesi ya m'galimoto nambala imeneyi si yodetsa nkhawa, ngakhale 2:1 munthu amatha kupirira nayo. Pa siteshoni ya FM youlutsa usana ndi usiku, 1.5:1 ndi chenjezo kale. Eriyo yabwino ya FM iyenera kukhala pa 1.2:1 kapena kutsika apo.

Chofunika kuposa nambala yalero ndi nambala yadzulo. Siteshoni imene ili ndi kabuku kolembamo mawati opita ndi obwerera m'mawa uliwonse imaona vuto likubwera kudakali milungu ingapo. Imene ilibe imadziwira kwa omvera.

## Muyeso woyamba, musanakhudze china chilichonse

Mufunika mita ya SWR kapena ya mawati yogwirizana ndi frequency yanu, dummy load (chida choikidwa m'malo mwa eriyo, chimene chimameza mphamvu osaiulutsa) ya ma ohm 50 yotha kupirira mphamvu imene mukuyesera, kachingwe kafupi kamene mukudziwa kuti n'kabwino, ndi multimeter. Ngati pali NanoVNA kapena analyzer ina (zida zoyesera eriyo ndi chingwe popanda transimita), ntchito imafulumira kwambiri. Mita za CB zopangidwira 27 MHz sizinena zoona pa 100 MHz kapena 150 MHz, choncho musazikhulupirire.

Cholinga n'kugawa njira yonse m'zigawo zitatu kuti wolakwa adzionetse yekha.

1. Zimitsani transimita, chotsani chingwe chopita pamwamba, ikani dummy load, yatsani ndi mphamvu yochepa. Mphamvu yobwerera ikakhala pafupifupi ziro, transimita ndi mita zilibe mlandu.
2. Bwezerani chingwe. Dummy load ija ikaikidwe kumapeto ake m'malo mwa eriyo. SWR ikakwera, vuto lili m'chingwe, m'makonekita kapena mu chotetezera mphezi.
3. Chingwe chikapambana muyesowu, ndiye mwatsala ndi eriyo.

Musayatse transimita popanda eriyo kapena dummy load, ngakhale kamphindi kochepa. Ndipo NanoVNA isalumikizidwe ku transimita yoyaka. Musanailumikize ku chingwe chochokera pamlongoti, khudzitsani kaye waya wapakati ndi chitsulo chakunja cha konekita kuti magetsi amene adziunjika m'chingwemo atuluke.

## Chizindikiro 1: SWR imakwera mvula ikagwa, n'kutsika dzuwa likawomba

Ili ndiye vuto la kwathu kuno, ndipo likuposa ena onse kuwaphatikiza pamodzi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala dzuwa limaphika tepi ndi khungu la chingwe mpaka kung'aluka, fumbi n'kulowa m'ming'alumo. Mvula ikabwera imapeza khomo lili chitsegukire.

Madzi mu konekita yapamwamba, pamene chingwe chakumana ndi eriyo. Yambirani apa. Konekita ya PL-259, imene ili pa mawailesi ambiri a VHF, siinapangidwe kuti iletse madzi n'komwe. Ya mtundu wa N ndi ya 7/16 DIN zili ndi mphira wotsekera, komabe nazonso zimafuna tepi. Mukamasula, yang'anani madontho, ufa woyera, kapena dzimbiri lobiriwira pa kapini. Konekita yongonyowa itha kutsukidwa ndi isopropyl alcohol n'kuumitsidwa. Yadzimbiri idulidwe, muike ina.

Madzi amene ayenda m'kati mwa chingwe. Ukonde wa mkuwa wa zingwe za RG-58 kapena RG-213 umayamwa madzi ndipo amatsika nawo mamita angapo. Nthawi zina mumadabwa konekita ya pansi, m'chipinda chouma, ikudontha. Sendani khungu pafupi ndi mapeto. Mkuwa wabwino umanyezimira. Wolowa madzi umada kapena kubiriwira, ndipo ukakhudza umasiya zakuda ku zala. Dulani pang'onopang'ono mpaka mupeze wowala. Mukadula mamita awiri kapena atatu koma udakali wakuda, chingwecho chatha ntchito. Kuchiyanika padzuwa sikubwezeretsa mkuwa umene wadyeka kale, ndipo ndalama zimene mukuganiza kuti mwapulumutsa mudzazipereka pogula matransista.

Khungu long'aluka panjira. Tsatirani chingwe ndi dzanja. Malo oyamba kuwakayikira ndi pamene chikukhuza chitsulo cha mlongoti, pamene chamangidwa ndi waya wothina, ndi pamene chikulowa pansi pa malata. Makoswe amakonda kudenga. Kuchigwa cha Luangwa onjezanipo anyani, amene amasewera pa chingwe chilichonse cholendewera.

Madzi m'kati mwa eriyo kapena mu power divider (chida chogawa mphamvu ku ma eriyo angapo). Ma eriyo a fibreglass amasweka pachipewa chapamwamba. Ena ali ndi kabowo pansi kotulutsira madzi, ndipo mavu amakamata ndi dothi. Katseguleni ndi kawaya. Musakatseke ndi tepi poganiza kuti mukuchita bwino.

Kamangidwe ka tepi ndi pamene ambiri amagwa. Tepi yakuda yamagetsi payokha sikwanira, imamatuka dzinja lisanathe. Chitani chonchi:

- Mangani konekita mothina bwino, pukutani kuti paume.
- Zungulizani kaye tepi yakuda kamodzi, kuti tsiku lodzamasula musadzavutike.
- Pamwamba pake ikani self-amalgamating tape, tepi ya mphira yodzimata yokha. Muziikoka kuti itanuke, mzere uliwonse uphimbe theka la unzake, ndipo ipitirire pa chingwe masentimita 5 mbali zonse.
- Malizani ndi tepi yakuda kawiri kuti iteteze ku dzuwa. Yambirani pansi kupita m'mwamba kuti madzi azitsetsereka pamwamba pa mizere. Mapeto ake dulani ndi lumo osakoka, chifukwa tepi yokokedwa imabwerera n'kumatuka.
- Chingwe chisanalowe m'nyumba, chitsike pang'ono kupitirira bowo kenako chikwere, kuti madzi azidontha panja.

Silicone ya m'bafa yonunkha viniga musaiike pa konekita. Imatulutsa asidi amene amadya mkuwa.

Masiteshoni akuluakulu ena ali ndi chingwe cha mpweya m'kati, chimene chimafuna makina opopera mpweya wouma. Magetsi akamazima maola ambiri, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, makinawa amaima ndipo chinyezi chimalowa. Onetsetsani kuti nawonso ali pa jenereta kapena pa inveta, osati transimita yokha.

## Chizindikiro 2: Zonse n'zatsopano koma SWR ndi yokwera kuyambira tsiku loyamba

Konekita yoikidwa molakwika. Kawaya kamodzi ka ukonde kokhudza kapini, solder yosagwira bwino, pulasitiki wam'kati wosungunuka chifukwa chowotcha nthawi yaitali, kapena kapini ka N kolowa m'kati kwambiri. Masulani chingwe mbali zonse ziwiri. Multimeter pakati pa kapini ndi chitsulo chakunja isaonetse kulumikizana kulikonse. Kenako lumikizani ziwirizo kumapeto enawo, ndipo muyenera kuona ma ohm ochepa kwambiri. Chenjezo: yesani chingwe chokha, eriyo itachotsedwa. Ma eriyo ambiri, monga folded dipole ndi ma collinear ena, amaonetsa shoti pa multimeter pamene alibe vuto lililonse. Anapangidwa choncho.

Eriyo si ya frequency yanu. Bandi ya FM imayambira 87.5 mpaka 108 MHz, ndipo si eriyo iliyonse imene imagwira bandi yonseyo. Dipole (eriyo ya ndodo ziwiri zofanana zolozera mbali zosiyana) yogulidwa kwa siteshoni ina inachunidwa pa frequency ya eni akewo. Utali wonse wa dipole m'mamita ndi pafupifupi 143 kugawa ndi frequency mu MHz, ndiye pa 100 MHz ndi mamita 1.43. Ndodo ya quarter wave ndi theka la pamenepo: pa 150 MHz imakhala pafupifupi masentimita 48. Ndi analyzer, pezani pamene SWR yatsikitsitsa. Pakakhala pansi pa frequency yanu, eriyo ndi yaitali. Pakakhala pamwamba, ndi yaifupi. Pa 100 MHz, kusuntha 1 MHz kumafuna masentimita 1.4 okha pa dipole yonse, choncho gwiritsani ntchito zomangira zosunthika ngati zilipo. Sowo ibwere pomaliza penipeni, ndipo mudule mamilimita ochepa nthawi imodzi.

Chingwe cha ma ohm 75. RG-6 ya dishi ndi RG-59 ya makamera ndi zimene zimapezeka msanga m'mashopu, ndipo wogulitsa amakutsimikizirani kuti coax ndi coax basi. Si choncho. Chingwe cha 75 cholumikizidwa ku eriyo ya 50 chili ndi SWR ya 1.5:1 m'kati mwake, ndipo transimita imatha kuona yoposa 2:1 malinga ndi utali wa chingwecho. Werengani zolembedwa pakhungu. Makonekita a N nawo alipo a 50 ndi a 75. Kapini ka 75 n'kopyapyala, ndiye kuwasakaniza kumabweretsa kulumikizana kosakhazikika kapena kung'amba konekita yolandira.

Eriyo yayandikira chitsulo. Mlongoti, mawaya okoka mlongoti, denga la malata, thanki yamadzi, mafelemu a sola. Eriyo yochunidwa pansi imasintha ikakwezedwa, ndiye muyeso womaliza uchitike ili pamalo ake. Tsatirani mpata umene wopanga ananena pakati pa dipole ndi mlongoti.

Ma eriyo awiri olumikizidwa ndi konekita ya T. Ma ohm 50 awiri oterewa amapanga 25, ndiye SWR 2:1. Pamafunika power divider yoyenera, ndipo tizingwe topita ku dipole iliyonse tikhale momwe wopanga anatidulira. Musafupikitse kamodzi chifukwa kakulendewera.

## Chizindikiro 3: Singano ikuvina, makamaka kukachita mphepo

Apa chinthu china chakhwefuka. Motsatana:

- Konekita yosathina, kapena kapini kamene kakokedwa ndi kulemera kwa chingwe. Chingwe chizimangidwa ku mlongoti pa mita iliyonse, chisapachikike pa konekita.
- Mabawuti a eriyo amasuka, kapena padyeka pamene aluminiyamu wakumana ndi mkuwa kapena chitsulo. Palani, pakani mafuta oyenera olumikizira aluminiyamu, mangani.
- Waya wapakati wathyoka m'kati, pafupi ndi konekita.
- Nthambi ya mtengo kapena waya wokhwefuka ukugunda eriyo. Mtengo wa mango umene unali waufupi poika mlongoti sukhala choncho mpaka kalekale.

Ndi mphamvu yochepa kwambiri, wina ayang'ane mita pamene inu mukugwedeza chingwe ndi makonekita a pansi limodzilimodzi. Zapamwamba zigwedezedwe ndi analyzer, transimita ili yozimitsa.

## Chizindikiro 4: Imayamba bwino, kenako SWR imakwera ikatentha kapena mukakweza mphamvu

SWR yeniyeni sisintha ndi kuchuluka kwa mawati. Ikamasintha, ndiye kuti china chake chikupsa, chikuthetheka moto, kapena chikutanuka ndi kutentha. Musanyalanyaze, chifukwa chimenechi chimathera ku moto.

Konekita yogwira pang'ono. Zimitsani, ndipo nthawi yomweyo khudzani makonekita onse amene mungafikire. Yabwino imakhala yofunda pang'ono kapena yozizira. Yotentha moti simungaigwire ndiyo wolakwa. Mukaimasula mupeza mwaye kapena pulasitiki wofiirira. Pamene moto unathethekapo pamatsala kanjira ka makala, ndipo kupala sikuthandiza. Sinthani mbali zonse ziwiri, yolowa ndi yolandira.

Chingwe chaching'ono pa mphamvu yaikulu. RG-58 si ya transimita ya FM ya mawati mazanamazana youlutsa tsiku lonse. Pulasitiki wam'kati amafewa, waya wapakati n'kusunthira ku ukonde, makamaka popindika. Kutentha kwa Okutobala, kumene kuchigwa kumapitirira madigiri 40, kumachepetsanso mphamvu imene chingwe chingapirire. Popinda chingwe chilichonse, radius isachepere kakhumi kunenepa kwake.

Chotetezera mphezi chikuyaka chokha. Kachubu ka gasi kali m'katimo kali ndi voteji yake yoyakira. Kakakalamba, kapena ngati n'ka mphamvu yochepa, kamayaka ndi mphamvu ya transimita yomwe. Chichotseni kwakanthawi kuti muone ngati vuto latha, koma musagone osabwezeretsa china nthawi ya dzinja.

Transimita ikutulutsa ma frequency osafunika. Eriyo imakana ma frequency oterewa, otchedwa ma harmonic, ndipo mita imawawerenga ngati mphamvu yobwerera. Chizindikiro chake n'chakuti pa dummy load zonse zili bwino, analyzer ikuti eriyo ili bwino, koma mukalumikiza transimita manambala akukwera. Izi si zokonza nokha. Onani gawo lomaliza.

## Chizindikiro 5: Mwadzidzidzi SWR yafika pamapeto

Ngati usiku kunali mabingu, ganizirani mphezi. Milongoti ya pamapiri ozungulira Chipata ndiyo imayamba kulandira. Zimitsani, ndipo yang'anani motere: chotetezera mphezi, kachingwe kafupi kochokera ku transimita, chingwe chachikulu, kenako eriyo. Fufuzani timabowo topsa pakhungu la chingwe, ndipo nunkhizani makonekita. Onaninso waya wa earth ngati udakalipo, popeza akuba mkuwa amayambira pomwepo.

Ngati kunalibe mabingu, pitani mukaone ndi maso. Chingwe chodulidwa ndi akuba, chopsa ndi moto wolusa wa m'chilimwe, chotemedwa ndi khasu pamene chinakwiriridwa, kapena konekita imene wina anamasula posesa n'kuiwala. Yomalizayi imachitika kuposa momwe anthu amavomerezera.

## Chizindikiro 6: SWR ndi yabwino koma wailesi sikufika kumene inkafika

Ichi ndi chizindikiro chonyenga kuposa zonse, ndipo n'chifukwa chake sindikhulupirira munthu amene amangoti mita ikuonetsa 1.1 ndiye zonse zili bwino. Dummy load nayo imaonetsa 1.0, koma palibe amene amaimva kunja kwa mpanda.

Chingwe chikudya mphamvu. Mphamvu yobwerera imadutsa m'chingwe kawiri, popita ndi pobwera. Chingwe chikakhala chakudya kwambiri, zochepa zokha zimafika pa mita. Tengani chingwe chotaya 3 dB, ndiye kuti theka la mphamvu. Eriyo ikakhala ndi SWR 3:1 pamwamba, pansi muona pafupifupi 1.7:1. Mutachotseratu eriyo, muona 3:1 basi. Choncho chingwe chimene chalowa madzi kwa zaka chimaonetsa SWR yokongola chaka ndi chaka pamene omvera akucheperachepera. SWR ikatsika yokha popanda amene wakonza kanthu, dandaulani.

Pa 100 MHz, mamita 100 a chingwe chatsopano amataya pafupifupi:

- RG-58, 15 mpaka 16 dB
- RG-213, 7 dB
- LMR-400, 4 dB
- Heliax (chingwe cholimba cha chubu cha mkuwa) ya theka la inchi, 2.2 dB
- Heliax ya 7/8 inchi, 1.2 dB

Ndiye mamita 20 okha a RG-58 amadya theka la mphamvu yanu asanakalambe n'komwe. Kuti mudziwe za chingwe chanu, yesani mawati pansi, kenako yesani kumapeto kwake pa dummy load, n'kuyerekeza. Ngati muli ndi analyzer, masulani eriyo, yesani return loss (kuchepa kwa mphamvu yobwerera poyerekeza ndi yopita, m'ma dB) kuchokera pansi, gawani pawiri. Nambala imeneyo ndi ma dB amene chingwe chikutaya. Ikaposa kwambiri ya pamndandanda, sinthani chingwe. Zingwe zotchipa zimene zili ndi dzina lolondola pakhungu koma ukonde wake uli patalipatali, kapena ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa, zimagwa pa muyesowu zidakali zatsopano.

Dipole imodzi yafa pa mulu wa zinayi. Imodzi ikachotsedwa pa divider, SWR imangofika cha pa 1.3:1, alamu osalira. Koma mawu amasintha kolowera: dera lina limamva bwino, lina latayika. Iliyonse iyesedwe payokha.

Voteji yatsika. Wailesi ya VHF imafuna ma volt 13.8. Batire yotopa kapena mawaya opyapyala zimatsitsa mawati opita, obwerera nawo n'kutsika mofanana. Yesani voteji kumbuyo kwa wailesi mutadina batani lolankhulira, osati ili chete.

Eriyo yapendekeka kapena yatembenuka ndi mphepo. Onani ndi maso.

Mawu amodzi kwa anzathu a mawailesi a HF (shortwave), kuphatikizapo a makolosaini a 9J a ku Zambia. Tuner (chida chogwirizanitsa impedance) yoikidwa pafupi ndi wailesi imasangalatsa wailesi yokha. SWR ya m'chingwe imakhalabe momwe inalili, ndi kutaya kwake komwe.

## Chizindikiro 7: Manambala amasintha mukagwira chingwe kapena kuchisuntha

Nthawi zambiri izi zimabwera limodzi ndi kulira m'ma sipika a mu situdiyo, kompyuta yochita zachilendo, kapena maikolofoni yoluma milomo. Mphamvu ikuyenda kunja kwa ukonde m'malo mwa m'kati.

- Ukonde sunagwire bwino mu konekita. Ikaninso.
- Dipole ilibe balun (kachida koletsa mphamvu kuyenda kunja kwa chingwe), kapena eriyo ya ground plane ilibe ma radial (tindodo ta patsinde pake) okwanira. Ikani balun, kapena ma ferrite oyenera frequency yanu pa chingwe pafupi ndi eriyo.
- Chingwe chikuyenda motsatana ndi eriyo, pafupi kwambiri. Chichoke pa dipole mopingasa.

Ena amadula chingwe mpaka mita ionetse nambala yowasangalatsa. Sanachize kanthu, angopeza malo amene mita siikuona bwino.

Pali chinanso chapafupi ndi chimenechi pa milongoti yogawana ndi masiteshoni ena kapena makampani a foni. Eriyo yanu imatola mphamvu ya oyandikana nawo n'kuitsitsira pa mita ngati yobwerera. Zimitsani RF yanu, ndiko kuti mphamvu youlutsa ya transimita, n'kuyang'ana mita yoima payokha. Ikamaonetsabe kanthu, si zanu. Mphamvu yomweyo imasokoneza NanoVNA ndipo itha kuiwononga.

## Mawailesi a m'magalimoto

Msewu wa mabampu umamasula zonse, choncho yambani ndi kumanga tsinde la eriyo. Kenako onani ngati tsindelo likukhudza chitsulo chenicheni cha galimoto, osati penti kapena dzimbiri. Ndodo ya quarter wave imafuna chitsulo pansi pake, ndiye pa denga la fibreglass kapena la tenti siigwira. Pamenepo gulani eriyo ya half wave yosafuna ground plane. Onaninso chingwe pamene chitseko kapena boneti imachipana. Poyesa, galimoto ikhale panja, zitseko zotseka, kutali ndi shedi ya malata.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Ntchito ikufuna kukwera mlongoti ndipo mulibe maphunziro okwera, lamba wachitetezo ndi mnzanu pansi. Mitambo ikada kapena mabingu akamveka, palibe wokwera, kaya bwana wa siteshoni akalipe chotani.
- Pamlongoti pali ma eriyo a ena amene simungawazimitse. RF imawotcha mnofu mpaka m'kati.
- Mlongoti uli pafupi ndi mawaya a magetsi a ZESCO, wadzimbiri, kapena wapendekeka.
- Transimita ikulephera ngakhale pa dummy load. M'kati muli makapasita osunga magetsi mutazimitsa kale, ndipo matransista ena a RF ndi ma resistor a dummy load ali ndi beryllium oxide, imene fumbi lake ndi poizoni. Chosweka musachipale kapena kuchiuzira.
- Mukukayikira ma harmonic, kapena wina wadandaula kuti mukumveka pa frequency yake. Pamwamba pa 108 MHz pali bandi ya ndege, ndipo Chipata ndi Mfuwe zili ndi mabwalo a ndege. Zimitsani mpaka wa spectrum analyzer abwere.
- Mphezi yagunda. Earth yonse iyesedwe musanayatsenso.
- Pakufunika kuika konekita pa Heliax, kuchuna filter kapena combiner, kapena kukonza power divider.
- Mukuganiza zosintha frequency kuti igwirizane ndi eriyo, kapena kukweza mphamvu kuti mubwezere imene ikutayika. Frequency ndi mphamvu zili pa laisensi. ZICTA ndiyo imayang'anira ma frequency, ndipo IBA imapereka malaisensi oulutsira mawu.

Podikira katswiri, ngati SWR ili pansi pa 2:1, siikusintha, ndipo palibe chotentha kapena chonunkha, mutha kuulutsabe ndi mphamvu yotsitsa kwambiri. Musachotse kapena kukweza malire a alamu ya SWR kuti transimita isiye kuzima.

Ngati akuchokera ku Lusaka, ndi ulendo wa makilomita oposa 550, ndipo konekita ya 7/16 DIN simungayembekezere kuipeza pa msika wa Kapata. Musanamuitane konzani izi, mumutumizire pa WhatsApp: dzina ndi modelo ya transimita ndi eriyo, frequency, mawati opita ndi obwerera a lero ndi a masiku amene zinali bwino, zotsatira za dummy load pansi ndi pamwamba, zolembedwa pakhungu la chingwe ndi utali wake, kutalika kwa mlongoti, ndi zithunzi zapafupi za konekita iliyonse mbali zonse ziwiri. Mumuuzenso ngati vuto limatsatira mvula, mphepo kapena kutentha, ndipo mumupemphe abwere ndi makonekita apadera ndi self-amalgamating tape yokwanira kumanganso malo onse amene adzamasule.